Apongozi kuseri kwa khoma loyenda

Sekondale yatsopano ya kwathu, cha ku Kasinje, anaimanga mosiyana ndi zomwe tinaphunziramo ife. Pakati pa makalasi palibe njerwa, pali makoma a matabwa oyenda pa kanjanji. Ukakankha, zipinda ziwiri zimasanduka holo. Ukakoka, aliyense ndi kalasi yake. Matebulo ndi opepuka, mabolodi ali mbali zonse, moti kutsogolo kwa kalasi ndi pomwe mphunzitsi waima. Poyamba zinkandinyansa. Ndinazolowera kuti mwana wakumbuyo azikhala kumbuyo.

Ana akaweruka, zipindazo zinkakhala za sukulu ya kwacha. Ine ndinkaphunzitsa abambo, mnzanga wina amayi, khoma lili chitsekere. Mwa amayiwo munali apongozi anga, amayi a mkazi wanga. Ankachokera ku mpunga matope ali m'miyendo, ndipo ankafuna chinthu chimodzi: kuti Baibulo likafika pa iwo kutchalitchi awerenge okha, asiye kupatsira mnzawo.

Mnzangayo atasamutsidwa, ahedi anangokankha khomalo. "Aphatikizeni, aphunzitsi. Nyumbayi anaimangira zomwezo."

Apongozi atangondiona anafunda chitenje kumutu n'kutuluka. Kwathu mkamwini ndi apongozi sapenyana. Mukakumana panjira, wina amapatukira kutchire. Amene anajambula pulani ya sukuluyi sanakwatire kwathu. Masiku anapita mpando wawo uli wokha, ndipo zinandiwawa, chifukwa anali atangoyamba kulumikiza zilembo.

Ndinakoka chigawo chimodzi cha khomalo n'kuchiimika pakati, kuseri kwake n'kuikako mpando woyang'ana bolodi ina. Mkazi wanga anakawauza. Anabwera, kulowera khomo lakumbuyo. Bolodi yawo ndinkailemberatu asanafike, ndipo akaphonya ndinkauza mayi woyandikana nawo, "Auzeni amayi abwereze mzerewo." Iwo n'kuyankha, "Auzeni aphunzitsi ndamva." Chonsecho tinkamvana bwinobwino.

Lamulungu lina abusa anawaitana kuti awerenge pamaso pa mpingo wonse. Nditawaona akunyamuka, ndinadziwa kuti akandiona pabenchi atseka bukulo. Ndinatuluka mwakachetechete n'kukaima panja, pafupi ndi zenera, dzuwa likundiwotcha pamutu. Anawerenga vesi lonse pang'onopang'ono, osaphonya liwu, ndipo misozi inanditsika. Mwa onse amene ndawaphunzitsa, ndi iwo okha amene sindinawaonepo akuwerenga.