Magalasi Atatu a Pamsika

Chizindikiro choyamba chinabwera mu Febuluwale chaka chatha, ndili pantchito yanga pakhonde la sitolo ya amwenye ku Old Town. Ndimagulitsa mabuku akaunjika pamenepo, ndipo makasitomala akasowa ndimawerenga katundu wanga yemweyo. Tsikulo ndinali pakati pa buku la ndege zankhondo pamene zilembo zinayamba kusungunuka ngati pepala lanyowa. Ndinatikita maso, ndinatalikitsa bukulo, koma ayi ndithu. Ndinati ndi ukalamba, poti ndinali nditadutsa zaka makumi asanu.

Mabuku angawa ndimawapeza ku Area 10. Azungu a m'maofesi a akazembe akamasamuka amasiyira antchito awo makatoni, ndipo alonda amandiimbira kuti ndikasankhe. Mwa onsewo, amene anandilowa m'magazi ndi a ndege zankhondo. Ine sindinakwerepo ndege, koma ndingakufotokozereni mmene mzinga umalondolera kutentha kwa injini ya mdani, kapena mmene ndege imamwera mafuta kwa inzake zili m'mwamba. Apa ndiye pali mphamvu ya mabukuwa. Olemba ake sabera ntchito. Batani lililonse amalitchula dzina, ndipo ukamawerenga umaiwala fumbi ndi mahutala a minibasi, mtima uli m'malere.

Koma munali phunziro lina loipa limene ndinalimeza osatafuna. Pafupifupi m'buku lililonse imafika nthawi imene nyali yofiira imayaka kutsogolo kwa woyendetsa ndege, kumuchenjeza kuti injini yavulala. Akuluakulu ake amamulamula pa wailesi kuti abwerere. Iye amazimitsa wailesiyo, n'kupitirira, n'kupambana. Ndinawerenga zimenezi kambirimbiri mpaka ndinayamba kuyesa kuti ndiwo umuna.

Ndiye m'malo mopita kuchipatala ndinapita kwa mavenda a magalasi pafupi ndi msika. Amakupatsa nyuzipepala, umayesa awa, umayesa awo, amene zilembo zaonekera n'kutenga. Magalasi oyamba anagwira ntchito masabata atatu. Mu Epulo ndinagula achiwiri, amphamvu kuposa aja. Nthawi yomweyo ludzu linandigwira losatha nalo. Ndinkamwa zakumwa zotsekemera botolo ndi botolo, kukodza kosalekeza, lamba n'kumaboola mabowo atsopano. Tsiku lina mayi a kunyumba, Nambewe, anandiuza kuti aona nyerere zitaunjikana kuchimbudzi pamene ndinataya madzi, ndipo mchimwene wawo wa shuga anayamba chomwecho. Ndinawakalipira kuti asandilodze ndi pakamwa. Mpaka lero ndimachita manyazi ndikakumbukira mawu amenewo.

Magalasi achitatu ndinagula kumapeto kwa Meyi. Sanathe sabata. Lachiwiri lina m'mawa, kumayambiriro kwa Juni, ndikuyala mabuku, m'diso lamanzere munatsika tizingwe takuda ngati utsi wa matayala. Ndinakhala pa katoni. Mwini sitolo, bambo wachikulire amene wandisunga pakhonde lake zaka zambiri, anatseka sitolo nthawi yomweyo, n'kunditengera yekha kuchipatala pa galimoto yake.

Anandibaya chala. Nesi atayang'ana kamakina koyezera shuga anayezanso kachiwiri, kenaka anandifunsa ngati ndabwera ndikuyenda ndekha. Anati, "Bambo, shuga wanu wakwera moti makinawa akulephera kuwerenga. Simubwerera kunyumba lero." Anandiika diripi, n'kuyamba kundibaya jakisoni wa insulini. Ndinagonekedwa masiku asanu ndi anayi.

Moyo wa m'wodi uli ndi ndondomeko yake. M'mamawa amakolopa, magadiyani onse n'kutuluka. Kenaka kubaya chala, jakisoni, phala lopanda shuga, n'kudikira madokotala kuti azungulire. Akadutsa, tsiku lonse limatsala lili chiimire. Za diso anandiuza kuti a maso adzandiona shuga akatsika. Kudikira kumeneko kunandipweteka kuposa masingano. Ndinkatseka diso lamanja kuti ndione ngati utsi uja wachepa kumanzere, kenaka n'kutseka lamanzere kuti ndione ngati wayamba kumanja. Ndinkaopa, ndinene mosabisa. Wogulitsa mabuku wosaona adya chiyani?

Nambewe ndiwo anali gadiyani wanga. Ataona kuti nkhawa ikundidya, anabweretsa buku lija ndinalisiyira pakati, n'kumandiwerengera nthawi ya masana. Iwo anaphunzitsapo kusukulu ya pulayimale, Chingerezi sichiwavuta, koma mabuku amenewa anali asanawagwirepo. Apo ndiye ndinamva zofooka zake ndi makutu anga. Zimene maso ankangodutsa, pakamwa zinkalemera. Masamba atatu athunthu ofotokoza mzinga umodzi! Mayina a zida ongokhala zilembo ndi manambala, moti bambo a pabedi loyandikana nane anafunsa ngati tikuwerenga mndandanda wa sipeya za galimoto. Adani onse oipa kuyambira kuphazi mpaka kumutu, opanda ndi mmodzi yemwe wokhala ndi mwana. Mabomba akugwa pamzinda, koma osamva kuti pansipo panali ndani, ndani analira maliro. Mkazi wa ngwazi ya m'bukulo amaoneka kawiri kokha, ataima pazenera.

Tsiku lachinayi anatseka bukulo n'kunena kuti, "Bambo a Chisomo, munthu wanzeru m'buku lonseli ndi mmodzi, makaniko uja." Ankanena za mkulu wina wokonza ndege amene m'mutu woyambirira amazungulira ndegeyo ndi tochi, kugwira paliponse, n'kukana kusaina kuti inyamuke chifukwa cha kadontho ka mafuta. Ine munthu ameneyo ndinkamudumpha pothamangira nkhondo. Koma analimo, ndipo ndikaganiza bwino amakhalamo m'mabuku onsewa, pamodzi ndi mndandanda umene woyendetsa amawerenga asanalize injini. Mabukuwo sanandinamize okha. Ndinasankha ndekha woti ndimutsanzire.

Nditatuluka anandipatsa tsiku la kuchipatala cha maso, pakati pa Julayi. Tinafika kusanatenthe koma mabenchi anali atadzaza kale, ena atachokera ku Mitundu, ena ku Nsaru. Unkapereka kabuku ka kuchipatala n'kumasuntha pabenchi pang'onopang'ono. Anandithira mankhwala otanula maso, dziko lonse n'kuwala mopweteka. Nambewe anandinong'oneza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ndinaseka koyamba m'masabata ambiri. Dokotala anandiunika nthawi yaitali. Kenaka anati shuga anakhala m'thupi mwanga zaka ndisakudziwa, ndipo waphulitsa timitsempha ta kuseri kwa diso lamanzere. "Lamanjali tilipulumutsa. Lamanzereli tingoteteza chimene chatsala. Mukanabwera pamene munagula magalasi oyamba aja, bwenzi tikukamba zina."

Anandiwotcha timitsemphato ndi kuwala kwa makina, maulendo atatu, kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala. Umaika chibwano pachitsulo, osagwedezeka, kuwala kobiriwira kukuthwanima, ndipo pambuyo pake mutu umawawa tsiku lonse. Palibe amene amakuombera m'manja. M'mabuku anga onse sindinapezemo ngwazi imene inakhala pabenchi maola asanu itagwira kabuku, koma pamabenchi aja ndinaona anthu olimba mtima kwabasi.

Lero ndili bwino. Ndinasiya jakisoni, ndikumwa mapilitsi m'mawa ndi madzulo, tiyi ndimamwa wopanda shuga, ndipo thupi labwerera. Mwezi uliwonse ndimakayezetsa. M'mawa uliwonse ndisanavale nsapato ndimayang'ana mapazi onse awiri, pakati pa zala pomwe, monga anatiphunzitsira anesi. Nambewe amati makaniko akuzungulira ndege. Diso lamanja limawerenga bwino ndi magalasi ochita kuyezedwa kuchipatala. Lamanzere limaona kuwala ndi zithunzithunzi basi, ndipo dokotala anati lidzakhala choncho.

Ndinabwerera pakhonde panga, ndipo mabuku a ndege zankhondo ndimawagulitsabe, ndimawawerengabe, ndimawakondabe. Anandisangalatsa zaka zambiri, sindingawatukwane. Magalasi atatu aja ndinawamanga ndi mphira, amakhala pamwamba pa mabuku kuti mphepo isatembenuze masamba. Kasitomala akafunsa ngati ndi ogulitsa, ndimakana, n'kumufotokozera nkhaniyi.

Abale anga, makamaka inu azibambo anzanga, ngati ludzu silikutha, ngati mukutaya madzi pafupipafupi, ngati mukuonda osadziwa chifukwa, ngati zilembo zayamba kuthawa, musapite kwa mavenda. Pitani kuchipatala sabata yomweyo. Kubaya chala sikutenga ndi mphindi ziwiri zomwe. Ine ndinamva nkhwangwa ili m'mutu. Ngwazi ya m'buku ikanyozera nyali yofiira n'kugwetsa ndege, imatsika ndi parachuti, ndipo m'mutu wotsatira boma limaipatsa ndege ina yatsopano. Ine ndinafunsa dokotala ngati diso lina lingapezeke. Anapukusa mutu.