Kakhoswe Kamene Ndinasinthitsa

Fakitale yathu itagulitsidwa, ife n'kuchotsedwa, ndinapeza ntchito yoweta makoswe oyera kwa Ba Mwanza, mayi wofufuza amene ankayeza mafuta m'timatumba ta mazira ta tiana tatikazi ta makoswewo. Kamwana kalikonse ankafuna kudziwa masiku ake enieni.

Tsiku lina kakhoswe ka masiku khumi kanandifera m'manja, nditakafinya kwambiri. Poopa kubwerera kwathu ku Nangongwe ndilibe ntchito, ndinaikapo kena kokulirapo koma konyentchera.

Ba Mwanza anavutika nako milungu itatu. "Ba Phiri, aka kasiyana shani ndi tinzake?"

"Kaya, madamu," ndinayankha, uku ndikupukuta tebulo louma kale.

Pochoka pantchitopo, Ba Mwanza anandisiyira jekete lawo loyera, ati ndine munthu wokhulupirika. Lili m'sutikesi mpaka lero. Sindinalivalepo.