Anthu Makumi Asanu Pansi pa Mtengo Umodzi

Azakhali anga, alongo awo a bambo, anagwira ntchito yofunsa anthu mafunso kwa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Sanali olembedwa ntchito ku banki yaikulu ya dziko, ngakhale kuti ambiri m'dera lathu ankaganiza choncho, mpaka kumabwera kudzawadandaulira za kukwera mtengo kwa sopo. Iwo anali chabe pa mndandanda wa anthu amene ofesi ya kafukufuku ya bankiyo inkawaitana ikafuna kudziwa momwe anthu amasungira ndi kutumizira ndalama. Dzina likakhala pamenepo, ntchito inkabwera kawiri kapena katatu pachaka. Chimwalirireni amuna awo, chowadyetsa chinali mndandandawo basi.

Kumsika ankawatcha Mayi Mafunso.

"Abwera a banki! Bisani ndalama!" ankakuwa bambo wina wosoka nsapato akawaona.

"Mubisa chiyani inu? Chaka chatha munati mumasunga mu sokosi. Ilipobe?"

"Inabooka, mayi. Lembani kuti banki yanga inagwa."

Ndipo ankalembadi, m'mphepete mwa pepala, ngakhale kuti panalibe funso lofuna zimenezo. Mafunso enieni anali ena: muli ndi akaunti? Pogula komaliza munalipira pamanja, pafoni kapena pakhadi? Netiweki ikavuta mumatani?

Kenako ofesi inathetsa mapepala n'kugawa matabuleti. Panali maphunziro a masiku awiri. Woyang'anira watsopano, mayi wachitsikana wovala magalasi, anafotokoza kuti tabuleti imalemba yokha malo ndi nthawi ya kucheza kulikonse. Ndinawafunsa azakhali kangapo ngati zimenezi anazimva. Amati anamva, koma ankaona ngati zikunenedwera anthu abodza, osati iwo.

Tsiku loyamba lenileni, mayi wina wachikulire wogulitsa nsalu anawayang'ana akudinadina, n'kufunsa kuti, "Kodi mwabwera kudzalankhula ndi ine kapena ndi kagalasi kanuko?" Ena akaona makina ankayankha mwachidule, poopa kuti akujambulidwa. Munthu amene kale ankafotokoza momwe ndalama zake zinasowera pafoni, tsopano ankangoti, "Zonse zili bwino."

Choncho azakhali anatenga fomu yakale, anakaichulukitsa ndi ndalama zawo, n'kuyambiranso kufunsa monga ankachitira kale, maso ali pa munthu, tabuleti ili m'chikwama. Masana ankakhala pa benchi ya pansi pa mtengo, kuseri kwa depoti ya basi, n'kumalowetsa mayankho onse mu tabuleti. Anali achangu. Fomu imodzi inkawatengera mphindi zinayi zokha, ndipo ankanyadira.

Patatha milungu itatu anaitanidwa ku ofesi. Woyang'anira uja anatembenuza kompyuta kuti aone mapu. Anzawo onse anali ndi timadontho tomwazikana m'misewu. Iwo anali ndi dontho limodzi, lalikulu, lofiira.

"Mayi, anthu makumi asanu onsewa munawafunsira pamalo amodzi. Aliyense mphindi zinayi. Mafunso athu ndi makumi asanu ndi limodzi."

Azakhali anaseka, poganiza kuti nkhani yake ndi yaing'ono. Anatulutsa mapepala onse, omangidwa bwino ndi mphira.

"Abwana, anthuwo ndi awa. Werengani."

Woyang'anira anatsegula awiri kapena atatu. Sindikufuna kumunamizira, azakhali amanena okha kuti sanawakalipire.

"Ine ndikhoza kukukhulupirirani, mayi. Koma pepala munthu akhoza kulemba ali pakhonde pake. Mwezi uno tagwira atatu ochita zomwezo."

"Ndiye tiyeni kumsika mukawafunse."

"Tikafunse ndani? Mayina ali kuti?"

Mayina panalibe. Lamulo loyamba limene anaphunzitsidwa pa ntchitoyi linali lakuti dzina la woyankha sililembedwa, ndipo sanaliphwanyepo ndi kamodzi komwe. Anati akhoza kuwaloza ndi chala, mmodzimmodzi. Woyang'anira anati kuloza woyankha n'kuphwanyanso lamulo lomwelo, komanso kuti lipoti la dontho lija linali litapita kale kwa akuluakulu. Anawapempha kuti asiye tabuleti ndi chaja pa tebulo.

Atafika kwathu n'kufotokoza, bambo anayesa nthabwala.

"Achemwali, mukanamasinthako mtengo. Mitengo yonse ili m'tauni muno!"

Azakhali sanaseke. Bambo anatuluka kukaona njinga yawo, imene inalibe vuto lililonse.

Ine ndi amene ndinawalembera makalata odandaula, awiri. Yoyamba ndinailemba kanayi ndisanakhutire nayo. Ndinafotokoza za mayi wa nsalu, za fomu yakale, za benchi. Azakhali anakaisiya okha pa geti, ndipo mlonda, amene ankawadziwa kwa zaka zambiri, anailandira ndi manja awiri. Yankho silinabwere. Yachiwiri anailandira mlonda wina.

Lipoti la kafukufukuyo litatuluka ndinaliwerenga lonse. Linkanena kuti anthu ambiri tsopano amakhulupirira kulipira pafoni. Mwina ndi zoona. Ine sindine katswiri. Pansi pa tsamba lina, m'zilembo zing'onozing'ono, panali mzere wakuti mayankho makumi asanu a dera limodzi anachotsedwa chifukwa anali okayikitsa. Mzere umenewu sindinawawerengere azakhali.

Kafukufuku wotsatira atayamba, foni yawo sinalire. Ankaitchaja m'mawa uliwonse, nthawi zina n'kundiuza kuti ndiwaimbire kuti aone ngati ikugwira. Inkagwira.

Lachinayi lina kwa azakhali kunagogoda mayi wina wamtali, wofunsa mafunso mnzawo, amene anayenda naye m'misika zaka zisanu ndi zinayi. Nyumba ya azakhali inali itagwera m'gulu la nyumba zosankhidwa pa kafukufukuyo. Mayiyo anaima pakhomo, tabuleti ili m'manja, osadziwa poyang'ana.

"Asisi, ndikhoza kulemba kuti sindinapeze munthu."

"Iwe, usayambe bodza chifukwa cha ine. Lowa."

Anamupatsa mpando. Anayankha za msinkhu, za sukulu, za anthu okhala m'nyumba. Atafika pa funso lachinayi, lofunsa ngati woyankha ali pa ntchito iliyonse, mnzawoyo anaimitsa chala m'mwamba, osadina.

"Dina pa ayi," anatero azakhali. "Koma usathamange. Werenga funso lililonse pang'onopang'ono, tabuletiyo ingakuyese wabodza."