Feteleza Anandithera Ndili ku Vidiyo

A Yotamu, alamu anga, mlanduwu munandipalamulitsa ndinu. Tinali pamzere wa feteleza wa makuponi pa Santhe, inu n'kumati, "Alamu, mzerewu sukuyenda. Tiyeni ku vidiyo, kuli filimu ya anthu ouluka, nkhani yake ndi yozama zedi."

Yozama pati? Bambo wamkulu wamanga chinsalu m'khosi, akugwetsa nyumba za eni ake. Anthu akufa ambirimbiri, maliro osaoneka, wopepesa palibe. Imeneyo n'kukhala nkhani?

Komabe ndivomere. Amene ankakuwa kuti "Mmenye! Mmenye!" mpaka kuimirira pabenchi ndine. Itatha, amene anati aibwereze ndinenso. Potuluka tinapeza feteleza watha.

Kunyumba ndinauza mlongo wanu kuti lole sinabwere. Anandimvera chisoni mpaka kunditenthetsera madzi osamba. Pano kuponi ili m'thumba la jekete, chimanga chayamba chikasu, ndipo Loweruka mayiwa akupita kumsika pa Santhe pomwepo, pamene aliyense anandimva ndikukuwa.

Ndiye mubwere Loweruka lisanafike, mudzawauze nokha kuti munachita kundikoka. Inu sangakupirikitseni, koma ine pano ndine mkamwini.