Mlomo wogona wa achemwali

Achemwali anga anagwa mumtengo wa mango ali kamtsikana, nsagwada n'kuthyoka. Inapola yokha, koma mokhota. Chibwano chinaloza kumanja, mano akumwamba ndi akunsi osakumana. Anakula choncho kwathu ku Nkope, akutafunira mbali imodzi.

Nditayamba utolankhani ku Blantyre ndinamva kuti kwabwera dokotala wakunja wodziwa mafupa a kumaso. Iyeyo anawachita achemwali opaleshoni: kudula fupa, kuliwongola, n'kumanga mano ndi waya. Waya atachotsedwa nkhope inali yowongoka. Anthu ankabwera kudzaona ngati pakhomo pabadwa mwana.

Chimene sankaona n'chakuti mlomo wakunsi unali utachita dzanzi. Lamulungu lina ansembe atawayandikizira chikho cha Mgonero, vinyo anatsikira pachibwano mpaka pabulauzi yoyera, eni ake osamva kanthu. Kuyambira tsikulo anasiya kupita kuguwa. Ankakhala benchi lakumbuyo, anzawo akudutsa.

Anandiuza zimenezi ndili patchuthi, m'mawa wina wa Okutobala, iwo akutsuka mbale kunyanja. Kunali chifunga cha dzuwa, madzi ndi thambo osasiyanitsika, mabwato akuoneka ngati apachikidwa m'mwamba.

"Ndikagona ndimalota ndili ndi nkhope yakale ija, achimwene," anatero. "Yokhota, koma yonse yanga. Ndikadzuka ndimapeza ya eni ake."

Tinamva kuti dokotala uja, asanabwerere kwawo, afika kamodzi kuchipatala cha ku Mangochi kudzaona anthu amene anawachita opaleshoni ndi kuwafunsa ngati akhutira. Achemwali anali ndi funso limodzi lokha: kodi mlomowu udzadzuka?

Amjomba, mlongo wawo wa amayi, anati nkhani yotere sapita ana okhaokha. Ananyamula tambala. Titangolowa m'chipinda, tisanakhale n'komwe, anagwada n'kumupereka kwa dokotala. Apo mpamene zinavutira. Kwathu ukapereka chothokozera, nkhani watseka. Sungathokoze ndi manja kenako n'kudandaula ndi pakamwa. Komanso zaka zimenezo chithunzi cha mtsogoleri chinali pakhoma lililonse, ndipo dandaulo la m'chipatala cha boma linkatha kumera miyendo.

Dokotala anayeza zonse mwachangu. Mano anakumana. Kamwa inatseguka mpaka zala zitatu kulowa. Kenako analankhula, womuthandiza wake, bambo wa ndevu zaimvi, n'kumasulira.

"Akufunsa ngati mwakhutira ndi mmene zinayendera."

"Takhutira kwambiri, bwana," anayankha amjomba. "Tikuthokoza boma. Kale uyu amuna ankamulambalala, pano akuchita kupondana pakhomo."

"Akufunsa mayiwa."

"Mayiwa ndi ine amene. Mwini mbumba ndine."

Womasulira anayang'ana achemwali. "Ndakhutira," anatero iwo chapansipansi, maso ali m'manja. Dokotala anamwetulira n'kuyang'ana kukhomo, kumene ena ankadikira.

"Ndipempheko madzi akumwa," anatero achemwali.

Anawapatsa m'kapu yachitsulo. Anamwa pang'onopang'ono, akuyang'ana pawindo. Panja migwalangwa inkagwedezeka m'chitungu ngati yamera pansi pa madzi. Madzi anatuluka pamlomo, kutsata chibwano, n'kuyamba kudontha pachifuwa.

"Iwe, dzipukute, pali alendo," ananong'ona amjomba.

Sanadzipukute. Anamwanso, madzi n'kutsikanso.

Dokotala anaika cholembera pansi. Anatenga kathonje, n'kuwauza achemwali kuti atsinzine. Anakhudza pakati pa mlomo.

"Apa?" anafunsa womasulira.

Chete.

"Nanga apa?"

Chete. Tambala anakupiza mapiko pansi pa tebulo. Kathonje kanayenda mpaka kungodya ya kumanzere.

"Apo," anatero achemwali, akadatsinzina. "Ngati nyerere ikuyenda kutali, pamlomo wa munthu wina."

Dokotala analankhula nthawi yaitali, ndipo bambo wa ndevu uja anamasulira zonse osachotsapo. Mtsempha unavulala podula fupa. Mitsempha imachira mochedwa, miyezi yambiri. Kamalo kamoyoko kakhoza kukula, kakhozanso kuima pomwepo. Kulonjeza sakanatha. Atatero anafunsanso funso lake lija.

"Auzeni kuti mano ndakhutira nawo," anatero achemwali. "Za mlomo adzandifunse chaka chamawa."

Tonse tinkadziwa kuti chaka chamawa adzakhala ali kwawo. Dokotala analemba mawuwo monga mmene anawamvera.

M'basi yobwerera amjomba anali ndwii. Achemwali anali atathyola kaudzu pachipata cha chipatala, ndipo njira yonse ankakayendetsa pamlomo ali chitsinzinire, fumbi likulowa pawindo. Ndinkaganiza kuti agona. Titadutsa Nkopola anatsegula maso.

"Amjomba, mawa mukawauze ansembe kuti chikho azindiikira cha kumanzere kuno."

"Ine? Ndikaphunzitse ansembe kagwiridwe ka chikho?"

"Si inu mwini mbumba?"

Amjomba anayang'ana kunja kanthawi, kenako anafunsa kuti kumanzere kwake kwa ndani, kwa achemwali kapena kwa ansembe.