Mzere wa Kumalire

Ndikukumbukira chilimwe chimene ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, kwathu kufupi ndi Kandeu. Amayi a m'mudzi mwathu anali ndi dimba limodzi la gulu, aliyense ndi chigawo chake cha kachewere, ndipo madzi ankayenda m'ngalande imodzi kuchokera kumtunda mpaka kumunsi. Chigawo chathu chinali choyamba kumtunda. Chotsatira chinali cha a NaSoko, amene sankayankhulana ndi amayi anga chiyambireni mkangano wa mbuzi yawo imene inatidyera mbewu. Ngakhale kutchalitchi ankapatsana nkhongo.

Gululo linali ndi lamulo limene ine ndinkaliona ngati lopanda mutu. Mzere womaliza wa chigawo chilichonse, wa kumalire, mwini wake ankaupalira, kuuthirira ndi kuuthira manyowa, koma osakumbamo. Tsiku lina ndinafukulamo tiwiri toti ndikaotche. Amayi anandipotokola khutu mpaka linatentha tsiku lonse.

"Umenewo si wako, si wanganso," anatero. Sanali munthu wa mawu ambiri.

Chaka chimenecho nkhokwe yathu inatha msanga. Abambo anali ku Joni, ali zii. Chiyembekezo chathu chonse chinali pa kachewereyo, kuti tikakumba tisinthanitse ndi chimanga cha anthu a ku Sharpevale. Kupanda kutero, ine ndi azing'ono anga tikanalowa m'dzinja m'nyumba mulibe kanthu.

Kachewere atangoyamba maluwa, mitengo ina ya m'chigawo chathu inayamba kufota dothi lili lonyowa. A NaJere, wapampando wa gulu, anabwera n'kuthyola tsinde limodzi. Munatuluka zoyera ngati mafinya.

"Amake Tadala, mwadzionera nokha," anatero. "Madzi akapitiriza kudutsa pano, matendawa afalikira, tonse tatha."

"Ndamva," anayankha amayi.

Anazula okha, wofota ndi wamoyo yemwe, osalola munthu kuwagwirira khasu. Ngalande anaipatutsa kuti ilambalale chigawo chathu. Zozulazo anaziunjika n'kuzitentha. Masangwi aawisi sapsa msanga, ndiye utsi wake unali wokhuthala, wowawa m'maso, ndipo unakhala m'zovala zathu masiku angapo. Ine ndinalira, ndipo a NaJere ndinawatukwana chamumtima. A NaSoko anali chiimire m'chigawo chawo, manja m'chiuno. Ndinati basi, mtima wawo wakhala pansi.

Nthawi yokumba itafika, ife tinali pakhomo, tilibe chokachita kudimba. Chakumasana ndinaona amayi a gulu akubwera mondondozana, malichero ndi madengu pamutu. Aliyense ankakhuthula pakhonde pathu kachewere wa mumzere wake wa kumalire, n'kukhala pansi pang'ono kucheza. Apa m'pamene ndinadziwa kuti mzerewo unali wa aliyense amene zamuvuta chaka chimenecho, ndipo chaka chabwino ankaugawira nkhalamba za m'mudzi.

A NaSoko anafika pomalizira. Sanaodire. Anakhuthula dengu lawo, kachewere wamkuluwamkulu wadothi lofiira, anakutumula chitenje n'kubwerera. Amayi nawo sanathokoze, anangoyang'ana kumbali.

"Amayi, kodi mwagwirizana?" ndinafunsa.

"Ndi ndani? Mbuzi yawo inandidyera mbewu."

"Nanga abweretseranji?"

"Iwe, mbuzi ndi ina, njala ndi ina. Tenga thumba uzitolera."

Chimanga tinasinthanitsa, chochepa, koma chinatifikitsa ku zamasika. Awiri aja sanayankhulanepo mpaka amayi anamwalira.

Kwa zaka zambiri ndinkayesa kuti a NaSoko anali ndi chikondi chobisika. Pano sindikhulupiriranso zimenezo. A NaSoko sankawafuna n'komwe amayi anga, ndipo amayi nawo sankawafuna iwo. Chimene ndamvetsa n'chakuti amayi a gulu aja ankadziwana bwino mitima, ndiye sanafune kuti moyo wa ana udalire kukondana kwawo. Mzerewo ankaudzala vuto lisanasankhe munthu, kuti likadzafika pasakhale wofunsa kuti ndi wa kwa yani.

Lero ndimakhala ku Lilongwe, ndipo kuseri kwa nyumba ndili ndi kadimba ka mpiru. Kulibe gulu, kulibe wapampando, koma mzere wa kumpanda sindithyolamo. Mwana wanga wamkazi anandifunsa tsiku lina kuti ndi wa ndani. Ndinamuuza kuti mwini wake sindinamudziwebe, koma azingouthirira.