Bokosi linapita lokha

Bambo wokalamba wachizungu amene ndinkawasamalira m'tauni ankakonda mafilimu akalekale, akuda ndi oyera aja, a anthu akufa odzutsidwa ndi mphezi. Masana alionse akamaliza kudya ankati ndiyatse kanema, ine n'kumasita malaya awo pambali. Poyamba ndinkaseka. Munthu wanzeru zake kufukula mitembo, kuisoka ngati matumba a chimanga, kenako n'kumadabwa kuti chinthucho chakwiya!

Kuseka kunatha chaka chimene msuweni wanga anamwalira. Ndine ndinamuitana kuchoka kwathu ku Dedza kubwera kudziko la eni kuno, n'kumupezera ganyu yonyamula makatoni a zipatso pamsika wa ku Epping. Tinkagona chipinda chimodzi ku Mfuleni. Chifuwa cha nyengo yozizira chinamutenga chaka chisanathe.

Kwathu maliro sayenda okha. Pamafunika wachibale pafupi ndi bokosi, womuuza womwalirayo njira: tanyamuka, tawoloka mtsinje, talowa dziko lina, tafika. Wachibale kuno ndinali ine ndekha. Koma mapepala anga okhalira m'dziko muno anali atatha, ndipo ndinadziwa kuti ndikatuluka sindidzalowanso. Ndinathandiza kukweza bokosi m'ngolo ya galimoto yopita kwathu, pakati pa mafiriji ndi matilesi a eni ake, n'kubwerera kuntchito. Anali mantha basi, sindingawapatse dzina lina.

Sabata yomweyo filimu yake inali ya wakufa woyenda mumvula, kufunafuna munthu amene anamudzutsa n'kumuthawa. Sankathamanga, ankangobwera. Ndinapsereza kolala ya malaya. Kuyambira tsiku limenelo, mphepo ikagwedeza malata ku Mfuleni ndinkangotchera khutu, kudikira kugogoda. Ndinkadziwa kuti msuweni wanga ndinamulakwira, ndipo akabwera ndinalibe choyankha.

Patapita masabata awiri azakhali anga, mayi ake a malemuyo, anaimba foni ndili pamzere wa basi. Ndinakonzeka kutukwanidwa, mwina zikanandipepukira. Iwo anayamba ndi kuthokoza kuti bokosi linafika bwino.

"Koma mwananga," anatero, "panjira anamuuza ndani?"

Bodza linali pakamwa kale, loti ndinapempha dalaivala. Linakana kutuluka.

"Palibe, azakhali."

Ndinkamva nkhuku zikulira kumbuyo kwawo.

"Ndiye kuti tinaika bokosi chabe. Mwini wake akadali komweko."

"Pepani, azakhali. Ndinalakwa."

"Sangakuchite kanthu uja, ankakukonda. Kungoti njira saidziwa. Uzimusiyira malo m'chipindamo, asamagone panja."